Olemba za akazitape a ku Roma akuiwala munthu amene ananola mpeni

Mabuku ndi mafilimu opeka onena za ukazitape ndi ziwembu za Aroma akale ambiri amayenda njira imodzi. Pamakhala mwamuna wamphamvu, kawirikawiri msilikali wa zipsera za kunkhondo, wodziwa zilankhulo zingapo komanso kuponya mpeni. Ali ndi bwana amene amakhala m'chipinda chamdima ku Roma n'kumamutuma ku Syria kapena ku Britannia kukafufuza amene akufuna kupha Kaisara. Iye amapita, amamenyana ndi anthu asanu nthawi imodzi, amakondana ndi mkazi amene pambuyo pake amapezeka kuti ndi mthirakuwiri, kenako amapulumutsa ufumu. Ndimawerenga mabuku oterewa ndipo ena amandigwira mtima ndithu. Koma ndinene mosapsatira kuti olemba ake akutimana nkhani yabwino kuposa imeneyi, imene Aroma eniake anatisiyira. Atenga kazitape wa masiku ano, wa ofesi ndi malipiro a pamwezi, n'kumuveka mkanjo wa Chiroma. Chonsecho ku Roma munthu wogwetsa akuluakulu nthawi zambiri sankachokera kutali. Ankagona m'nyumba momwemo, ndipo ndi amene ankawathirira vinyo.

Mu Epulo chaka cha 65 AD, gulu la aphungu, asilikali ndi anthu ena olemera linapangana zopha mfumu Nero pa tsiku la mpikisano wa magaleta, n'kuika Gaius Calpurnius Piso pampando. Phungu wina, Flavius Scaevinus, anapempha kuti iye ndiye ayambe kubaya. Kutatsala tsiku limodzi anacheza nthawi yaitali ndi mnzake Antonius Natalis. Atafika kunyumba anadinda wilo yake, anasolola mpeni wakale m'chimake, n'kudandaula kuti wabuntha. Anaupereka kwa Milichus, kapolo amene anali atamumasula koma akumutumikirabe, kuti akaunole pamwala mpaka nsonga iwale. Madzulo anakonzetsa chakudya choposa cha masiku onse. Akapolo amene ankawakonda anawapatsa ufulu, ena anawagawira ndalama. Ankayesetsa kucheza mosangalala koma nkhope inali yakugwa. Pomaliza anauza Milichus yemweyo kuti akonzeretu nsalu zomangira mabala ndi zoletsera magazi.

Wolemba mbiri Tacitus akuti Milichus anakambirana ndi mkazi wake, ndipo mkaziyo anamuuza kuti antchito ndi akapolo ambiri aona zomwe iye waona, kuti kukhala chete kwa munthu mmodzi sikupulumutsa aliyense, ndiponso kuti mphotho idzapita kwa mmodzi yekha, amene ayambe kukanena. Kutacha, Milichus anatenga mpeni uja n'kupita ku minda ya Servilius kumene Nero ankakhala. Pachipata anayamba amubweza, iye n'kukakamira kuti ali ndi nkhani yoopsa, mpaka anamupititsa kwa Epaphroditus, kapolo womasulidwa wa Nero, amene anamulowetsa kwa mfumu.

Scaevinus atagwidwa anadziteteza mwaluso moti mlandu unatsala pang'ono kuthera pomwepo. Anati mpeniwo ndi wa makolo ake ndipo wantchitoyo wachita kuba, wilo amalemba kawirikawiri, kudya bwino ndi khalidwe lake, ndipo za nsalu za mabalazo n'zongopeka. Analankhula molimba mtima, wonenezayo n'kuyamba kuoneka wabodza. Amene anasintha zinthu ndi mkazi uja. Anakumbutsa mwamuna wake za kucheza kwachinsinsi kwa Scaevinus ndi Natalis. Awiriwo atafunsidwa payekhapayekha kuti anakambirana zotani, mayankho anasiyana, ndipo atangoona zipangizo zozunzira anthu, Natalis anaulula. Anatchula Piso, anatchulanso Seneca, mphunzitsi wakale wa Nero. Kuyambira pamenepo mayina anangokhuthuka. Wolemba ndakatulo Lucan anafika potchula mayi ake omubereka.

M'nkhani yomweyi muli Faenius Rufus, mmodzi wa akulu awiri a asilikali olondera mfumu. Iye anali nawo m'chiwembucho, koma dzina lake lisanatuluke anaima pambali pa Nero n'kumapanikiza anzake ndi mafunso mwaukali kuti asakayikiridwe. Mulinso Epicharis, mkazi amene kale anali kapolo. Ameneyu anali ali kale m'manja mwa asilikali, chifukwa mkulu wina wa zombo zankhondo ku Misenum, amene iye anayesa kumukopa, anakamuneneza. Anamukwapula, anamuotcha, koma sanatchule munthu. Tsiku lotsatira akumunyamula pampando kuti akamuzunzenso, popeza sakanathanso kuima, anamasula lamba wa pachifuwa, anamumangirira kumsana kwa mpandowo n'kudzipachika.

Mu zonsezi mulibe kazitape ngakhale mmodzi wa mtundu uja wa m'mabuku. Chiwembu cha anthu otchuka chinagwa chifukwa cha munthu wotumidwa kunola mpeni ndi mkazi wake, amene ngakhale dzina lake Tacitus sanalilembe. Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Amene analemba mbiri ya Roma anali anthu apamwamba okhaokha. Tacitus anali phungu, Sallust ndi Cassius Dio chimodzimodzi, Suetonius anali mlembi wa mfumu. Kwa Tacitus, Milichus ndi wantchito wadyera basi, ndipo amamutaya ndi mawu ochepa onyoza. Epicharis amamuyamikira, inde, koma pofuna kuchititsa manyazi amuna obadwa mfulu amene anaulula anzawo asanakhudzidwe n'komwe. Za kumene mkaziyu anachokera ndi chimene chinamudanitsa ndi Nero, iye sanalembe. Katswiri wa mbiri wa lero sangatseke mpata umenewu, chifukwa akayamba kupeka ndiye kuti wasiya ntchito yake. Wolemba nkhani zopeka yekha ndi amene ali ndi chilolezo cholowa kukhitchini kwa Scaevinus usiku umenewo n'kumva zimene antchito ankanong'onezana. Ndiye chimandipweteka ndikamaona chilolezo chamtengo wapatali chotere chikuthera pa ndewu za malupanga.

Ndipo wolemba amene angalowemo angapeze kuti dyera silinali lokha. Ku Roma umboni wa kapolo unkalandiridwa pamlandu pokhapokha atamuzunza. Lamulo lakale linkaletsa kuzunza kapolo kuti aneneze mbuye wake, koma mu 16 AD, pa mlandu wa Libo Drusus, mfumu Tiberius analizungulira: analamula kuti akapolo a Libo agulitsidwe kwa wantchito wa boma kuti asakhalenso ake, kenako azunzidwe. Mu 61 AD, kutatsala zaka zinayi zokha kuti chiwembu cha Piso chichitike, woyang'anira mzinda wa Roma, Pedanius Secundus, anaphedwa ndi kapolo wake mmodzi. Potsata mwambo, akapolo onse a m'nyumba mwake, anthu 400, anaphedwa, ngakhale kuti anthu wamba anadzaza misewu kukana zimenezi. Aliyense wogwira ntchito m'nyumba ya munthu wamkulu ankadziwa nkhani zimenezi. Bwana akayamba kuchita zachilendo, funso la wantchito silinali lakuti kodi Nero ndi mfumu yabwino kapena yoipa. Funso linali lakuti zikavuta, ayambe kukokedwa ndani, ndipo ana anga atsala ndi yani. Mkazi wa Milichus ine sindimuona ngati mfiti. Ndimamuona ngati munthu amene anawerengera bwino mmene zinthu zinalili, n'kusankha kuti nyumba yake ipulumuke ngakhale nyumba zina zigwe. Milichus analemeretsedwa ndipo anadzipatsa dzina la Chigiriki lotanthauza mpulumutsi. Ankayenda bwanji ndi dzina limenelo m'misewu imene munkadutsanso amasiye a anthu amene anawapereka? Limenelo ndi buku lathunthu, ndipo ndi limene ine ndikulifuna.

Chiwembu cha phungu Catilina cha mu 63 BC, chofuna kulanda boma, chinaululika mwa njira yofanana. Nthawi imeneyo Roma inalibe mfumu, inalibenso nthambi ya boma yofufuza zachinsinsi. Cicero, mmodzi wa atsogoleri awiri a chaka chimenecho, ankadalira anthu ake. Amene ankamutsina khutu anali Fulvia, chibwenzi cha Quintus Curius, wachiwembu amene ndalama zitamuthera anayamba kudzitama kwa mkaziyo kuti posachedwa alemera. Kudzera mwa Fulvia, Cicero anadziwa kuti kubwera anthu awiri m'mamawa ngati odzapereka moni koma akudzamupha, ndipo anthuwo anapeza chitseko chotseka. Umboni wogwirika unachokera kwa nthumwi za mtundu wa Allobroges wa ku Gaul, zimene zinabwera ku Roma kudzadandaula za ngongole. Achiwembu atazikopa, nkhani inamupeza Cicero, ndipo iye anaziuza kuti zinamizire kuvomera n'kupempha makalata odindidwa. Makalatawo anagwidwa pa mlatho wa Mulvius usiku wa pa 2 Disembala, ndipo pa 5 Disembala anthu asanu ananyongedwa m'ndende osazengedwa mlandu. Cicero anadzitama ndi zimenezi moyo wake wonse, koma amene anaika moyo pachiswe anali mkazi wokhumudwa uja komanso alendo angongole aja.

Wina anganene kuti ndikukokomeza, chifukwa akazitape a boma analipo. N'zoona. Kunkhondo kunali azondi. Wolemba mbiri Livy akusimba za kazitape wa ku Carthage, mzinda umene unali pankhondo ndi Roma, amene anakhala mu Roma zaka ziwiri asanagwidwe mu 217 BC n'kudulidwa manja, ndipo mkulu wa asilikali a Roma Scipio anatumiza akapitawo a asilikali ake atavala ngati akapolo kukazonda msasa wa mfumu Syphax asanautenthe. M'nthawi ya mafumu kunabwera gulu lotchedwa frumentarii, asilikali amene poyamba ankaona za tirigu wa magulu ankhondo ndi kunyamula mauthenga, kenako anasanduka ofufuza a Kaisara, likulu lawo lili pa phiri la Caelius mu Roma. Anthu anadana nawo kwambiri chifukwa chosemera milandu anthu osalakwa, moti mfumu Diocletian anathetsa gululi, ngakhale kuti olowa m'malo mwawo sanasiyane nawo kwenikweni. Sindikuletsa munthu kulemba za amenewa. Koma tamvani mmene munthu amene anakhalako mu Roma anafotokozera ntchito yotereyi. Epictetus, wanzeru amene anakula ali kapolo wa Epaphroditus yemwe uja, anati msilikali wovala zovala wamba amabwera kudzakhala pafupi nawe n'kuyamba kunyoza Kaisara. Iwe poona kuti wayamba ndi iye, umamasuka n'kunena zakukhosi. Kenako amakumanga n'kukutenga. Munthu ameneyu si ngwazi. Luso lake lonse ndi kukhala pansi n'kuyambitsa macheza.

Tiyeneranso kukumbukira kuti ku Roma kunalibe loya wa boma woimba anthu milandu. Munthu wamba ndi amene ankaneneza mnzake, ndipo pa mlandu woukira mfumu wonenezayo akapambana ankalandira gawo limodzi mwa magawo anayi a chuma cha wopezeka wolakwayo. Kuneneza kunasanduka ntchito yodyerapo, ndipo ankaigwira ndi anthu aulemu wawo.

Chitsanzo chimene sichindichoka m'mutu ndi cha Titius Sabinus. Germanicus, mwana wa mng'ono wake wa Tiberius, atamwalira, anthu ambiri anasiya kuyendera mkazi wake wamasiye Agrippina chifukwa choopa Sejanus, mkulu wa asilikali olondera mfumu amene ankadana ndi banjalo. Sabinus sanasiye. Aphungu anayi amene ankafuna udindo waukulu, umene sukanapezeka popanda Sejanus, anagwirizana zomutchera msampha. Mmodzi wa iwo, Latinius Latiaris, anayamba kumuyamikira kuti ndi munthu wokhulupirika, wosataya anzake pamavuto, n'kumalankhula momvera chisoni Agrippina. Sabinus anagwetsa misozi. Anali atasowa womuuza zakukhosi, ndiye anakhuthula zonse zokhudza nkhanza za Sejanus, osasiyanso Tiberius. Kuyambira pamenepo ndi iye amene ankamufunafuna Latiaris ngati bwenzi la pamtima. Tsiku lina Latiaris anakumana naye pamsewu n'kumutengera kunyumba, kuchipinda, ngati ali ndi nkhani yatsopano. Pakati pa denga ndi siling'i panali patabisala aphungu atatu aja, makutu ali m'ming'alu. Pa 1 Januwale 28 AD Sabinus anaweruzidwa, n'kukokedwa kupita kukaphedwa atamufunditsa chovala kumutu, ndipo kumene ankayang'ana anthu ankathawa. Tacitus akuti kuyambira pamenepo anthu ankapewa kucheza ngakhale ndi abale awo, ndipo ankayang'ana denga ndi makoma mokayikira.

Chimene chinamupha Sabinus chinali kusungulumwa kwake. Wolemba amene wamvetsa zimenezi wamvetsa ukazitape wa Aroma kuposa amene waloweza mayina a magulu onse ankhondo.

Owerenga a kwathu kuno amene anakula chisanafike chaka cha 1993 safunika kuwafotokozera zambiri. Akudziwa mmene mawu ankatsikira macheza akafika pa ndale m'basi kapena pamowa, mmene munthu ankayang'anira uku ndi uku asanayankhe, podziwa kuti ena anapezeka ali ku Mikuyu osazengedwa mlandu. Sindikunena kuti Malawi anali Roma. Kusiyana kwake n'kwakukulu, ndipo kuzifanizira mwachisawawa n'kulakwira mbiri zonse ziwiri. Ndikungonena kuti wowerenga wotere sungamunamize pa nkhani ya mantha. Akaona kazitape wodumpha madenga amadziwa kuti wolembayo sanakhalepo pagulu limene linangoti zii chifukwa palowa munthu wosadziwika bwino. Komanso dziko la Aroma si lachilendo kwa ife, tinalidziwira m'Baibulo. Mu Luka 20, anthu amene anafunsa Yesu za msonkho wa Kaisara anali otumidwa, onamizira chilungamo, ofuna kumukola m'mawu kuti akamupereke kwa kazembe wa Chiroma. Njira yake ndi yomwe ija ya Latiaris: yamba ndi kuyamikira, kenako dikira. Mu Machitidwe 23, amuna oposa 40 atalumbira kuti sadya kapena kumwa asanaphe Paulo, amene anaulula anali mwana wa mlongo wake wa Paulo. Mkulu wa asilikali anamugwira dzanja n'kupita naye pambali, ndipo usiku womwewo Paulo anaperekezedwa ndi asilikali 470. Mnyamatayonso dzina lake silinalembedwe.

Kutsutsa kwamphamvu ndi kwa amene amati nkhani yopeka si kalasi ya mbiri, timawerenga kuti tisangalale, asiyeni olemba achite zimene zikugulitsa. Ndikuvomereza kuti buku losagwira mtima ndi lolephera, ngakhale madeti ake onse atakhala olondola. Koma kodi chimagwira mtima n'chiyani? Ngwazi ya lupanga timadziwa kuti siifa, chifukwa buku lachiwiri likubwera. Mkazi wa Milichus, atamva kuti Scaevinus wayankha bwino ndipo mwamuna wake wayamba kuoneka wabodza pamaso pa Nero, akanatha kufa tsiku lomwelo. Mtima wa wowerenga umagunda chifukwa cha munthu amene alibe kothawira.

Palinso china chimene mabuku a ngwaziwa amatiphunzitsa molakwika, chakuti kuseri kwa chochitika chilichonse kuli munthu mmodzi wochenjera amene akudziwa zonse. Mbiri ikuonetsa zosiyana. Uthenga unkapezeka wambiri, chovuta chinali kudziwa woukhulupirira. Julius Caesar anapatsidwa kalata yomuchenjeza ndi Artemidorus m'mawa wa pa 15 Malichi 44 BC, ndipo anafa asanaiwerenge. Varus, mkulu wa asilikali a Roma, anachenjezedwa ndi Segestes, mtsogoleri wina wa ku Germania, kuti mtsogoleri mnzake Arminius akumukonzera chiwembu, sanamvere, ndipo mu 9 AD anataya magulu atatu ankhondo m'nkhalango za ku Germania. Akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma m'dziko limene kuneneza kunkalemeretsa, mnansi ukanamuzindikira bwanji? Mfumu Domitian ankadandaula kuti mafumu sakhulupiriridwa akanena kuti apeza chiwembu, mpaka ataphedwa. Anakuta makoma a khonde lake ndi mwala wonyezimira kuti aziona za kumbuyo kwake. Mu 96 AD anabayidwa ndi Stephanus, kapitawo wa m'nyumba ya m'bale wake, amene kwa masiku angapo ankayenda atamanga mkono ngati wavulala, mpeni n'kudzaubisa munsaluyo. Anamufikira pomupatsa kalata imene ankati ikuulula chiwembu, ndipo anamubaya akuiwerenga.

Chimene ndikupempha kwambiri kwa olemba ndi chakuti asamaphe chikayiko pamene Aroma eniake anakayika. Germanicus anamwalira ku Antioch mu 19 AD ali ndi zaka 33, akukhulupirira kuti Gnaeus Piso, kazembe wa Syria, wamudyetsa chiphe. Uyu ndi Piso wina, osati wa nthawi ya Nero uja. Pansi ndi m'makoma a nyumba imene ankadwaliramo anapezamo zotsalira za matupi a anthu, phulusa lopakidwa magazi, ndi timapale ta mtovu tolembedwa dzina lake ndi matemberero. Ife amene timadziwa mmene imfa ya munthu wachinyamata imagawanitsira mudzi tingamvetse zimene zinachitika m'nyumbamo zinthuzi zitatulukira. Martina, mkazi amene ankadziwika ndi zachiphe ndiponso anali mnzake wa mkazi wa Piso, anatumizidwa ku Roma ngati mboni, koma anafa mwadzidzidzi ku Brundisium, chiphe chitabisidwa m'tsitsi lake. Pamlandu mu 20 AD, onenezawo anati Piso anathira yekha chiphecho m'chakudya paphwando, anthu ambiri ali pomwepo, ndipo mfundo imeneyi inalephera kuima. Mlandu usanathe, Piso anapezeka m'mawa m'chipinda chake atachekeka pakhosi, lupanga lili pansi.

Olemba ambiri akafika apa amathamangira kutiuza kuti analamula ndi Tiberius kapena mayi ake Livia, n'kutionetsa botolo la chiphe likusinthana manja. Akatero amakhala atichotsera chinthu chimene chinasautsa anthu a nthawiyo, kukhala zaka ndi zaka ukukayikira mfumu yako, mnansi wako ndi wantchito wako popanda umboni wokumasula. Tacitus sankamukonda Tiberius ngakhale pang'ono, ndipo akanafuna akanamupachika ndi chiganizo chimodzi. Sanatero. Polemba patapita zaka pafupifupi 100, anangonena kuti nkhaniyi inali ya mphekesera zotsutsana pakati pa anthu a nthawiyo, ndiponso pakati pa mibadwo yotsatira.